Kodi makina ofufuzira zitsulo tiziwamasula mpaka pati tikamanyamuka ulendo?

Wophunzira_Kumene

Akuluakulu a pagulu lino, ndabwera ndi vuto limene ndikuganiza kuti ndadziputira ndekha, koma ndisanadziweruze ndikufuna ndimve kwa inu amene mwakhala nawo makinawa kwa nthawi yaitali. Makina anga ofufuzira zitsulo ndakhala nawo miyezi isanu tsopano. Ndi aja a ndodo zitatu: yam'munsi imene imagwira koyilo (chimbale chapansi chija chimene chimamva zitsulo), yapakati, ndi yam'mwamba yopindika imene ili ndi kabokosi ka sikirini komanso pogoneka mkono. Popeza ndimayenda pa njinga ndipo chikwama changa chakumsana n'chachifupi, ulendo uliwonse ndimamasula chilichonse. Ndimazula chingwe pa kabokosi, kuchimasula pa ndodo, kulekanitsa ndodo zonse zitatu, kenako n'kuchotsa bawuti imene imagwira koyilo. Ndikafika kumene ndikupita ndimamanganso zonse, ndipo pobwerera ndimamasulanso.

Sabata yathayi ndaona zinthu ziwiri zimene zandidetsa nkhawa. Khutu limodzi mwa makutu awiri aja a pa koyilo, amene bawuti imadutsamo, lachita mng'alu woonda ngati tsitsi. Chachiwiri, makinawa ayamba kulira popanda chitsulo chilichonse, makamaka poyendetsa koyilo uku ndi uku, ndikafika kumapeto kwa dzanja pamene ndikutembenuka kuti ndibwerere mbali ina. Kodi zimenezi zayamba chifukwa chomasula pafupipafupi, kapena ndikulakwitsa kamangidwe? Nanga inu mumawanyamula bwanji anu?

Kadzidzi

Tisanapite patali, a Wophunzira, tatiuzeni kuti bawuti ya koyiloyo mumaimanga ndi chiyani, ndiponso ngati mawashala awiri a labala aja adakalipo onse kumapeto kwa ndodo yam'munsi.

Wophunzira_Kumene

Ndikuvomera mwamanyazi kuti ndimaimanga ndi pulayala, chifukwa koyilo inkagwedera kwambiri. Washala imodzi inagwera mu udzu mwezi wachiwiri, ndipo sindinaione ngati chinthu chofunika kuchisaka.

Kadzidzi

Ndiye mlandu wa khutulo watha kale, ndipo wolakwa si kumasula pafupipafupi ayi. Mawashala a labala aja ndi amene amagwira koyilo kuti isagwedere. Amakhala m'timaenje tiwiri ta kumapeto kwa ndodo yam'munsi, ndipo amadzaza mpata umene uli pakati pa ndodoyo ndi makutu a koyilo. Imodzi ikasowa pamatsala mpata, koyilo imayamba kugwedera, munthu n'kuganiza kuti bawuti ndi imene yakhwefuka. Mukamanga ndi pulayala mumakhala mukukokera makutu awiriwo mkati kuti atseke mpatawo, ndipo pulasitiki yolimba ngati imeneyo sipindika nthawi yaitali isanang'aluke. Bawuti ya koyilo imamangidwa ndi zala basi. Muyeso wake ndi wakuti koyilo ikhale pamene mwaiika mukainyamula m'mwamba, koma mukaitsamiritsa pansi pang'ono ilole kupendekeka. Ikafika poti singapendekeke n'komwe, mwamangitsa.

Popeza mwafunsanso za kamangidwe, ndikuuzeni ndondomeko imene ine ndimatsata. Ndimayala nsalu kapena chikwama chenichenicho pansi kuti tizinthu ting'onoting'ono tisagwere mu udzu. Ndimayamba ndi koyilo: mawashala m'malo mwake, ndodo yam'munsi pakati pa makutu, bawuti n'kulowa, koma osaimaliza kumanga. Apa onetsetsani kuti kabatani ka sipuling'i ka pa ndodoyo kayang'ana mbali imene mabowo a ndodo yapakati ali, chifukwa mukaiika chozondoka mudzazindikira zonse zitatha, n'kuyambiranso. Kenako ndimalumikiza ndodo yapakati ndi yam'mwamba, n'kusankha kutalika. Kutalika koyenera ndi kumene mukaimirira mowongoka, mkono uli womasuka, koyilo imakhala yogona bwino pansi patsogolo pang'ono pa mapazi anu popanda kuwerama kapena kukweza phewa. Mukakupeza, lembani kamzere pa ndodo kapena matanipo tepi, kuti tsiku lina musadzayambenso kuyesa bowo lililonse. Chingwe chimabwera pomalizira penipeni, ndodo zonse zitakhala kale pa kutalika kwake ndipo maloko, zomangira zimene zimafinya ndodo pamene zalumikizana, atamangidwa. Pomasula mumangobwerera m'mbuyo ndondomeko yomweyi, kuyambira ndi kuzimitsa makina.

Langizo lina laling'ono limene likanakupulumutsani ndi ili: mukachotsa koyilo, bwezerani bawuti pa bowo la ndodo yam'munsi n'kumangapo nati yake. Ikatero imatsekereza mawashala kuti asagwe, ndipo simudzaifunafuna pansi pa chikwama.

FuluWodekha

Zimene a Kadzidzi anena za mawashala n'zoona, koma ine sindikuvomereza zoti kumasula pafupipafupi kulibe mlandu. Nthawi iliyonse imene mwachotsa bawuti ija mwapereka mpata woti washala igwe, mchenga ulowe, kapena dzanja limangitse. Nthawi iliyonse imene mwazula pulagi mwapereka mpata woti kamodzi mwa timapini take kapindike. Munthu amene amapita kokafufuza kawiri pa sabata n'kumamasula zonse popita ndi pobwera, pa chaka amakhala atagwira malo osachedwa kuwonongekawa kangapo konse kuposa mmene pakanafunikira.

Ine ndimayang'ana kutalika kwa ulendo. Ngati ndikupita pafupi, ndimangomasula loko wam'munsi, kulowetsa ndodo yam'munsi m'kati mwa yapakati, n'kugoneka koyilo motsamira ndodo. Sindikhudza chingwe kapena bawuti. Ngati chikwama chikukanabe, ndimalekanitsa ndodo yam'mwamba ndi zinzake, n'kupinda makinawo pawiri chingwe chili cholumikizabe, ndipo pakati ndimaikapo thaulo kuti sikirini isakandike. Kumasula zonse ndimakusungira ulendo wa pa ndege, kapena tsiku lotsuka makina. A Wophunzira, mwina chimene chikufunika kusintha ndi chikwama chanu, osati luso lanu lomanga.

Nyenyezi_Yammawa

A Fulu, njira yanu yosiya koyilo pa ndodo ndi imene inandithyolera khutu ine. Ndinalowetsa makina m'chikwama koyilo itagona motsamira ndodo, monga mwafotokozeramu, ndipo chikwamacho chinaikidwa m'galimoto pamodzi ndi katundu wa anthu ena. Wina anasanjika katundu wake wolemera pamwamba. Pamene ndinkatsegula ndinapeza khutu lathyokera patsinde penipeni, bawuti ili bwinobwino m'malo mwake. Ndodo ikakhala yomangidwa pa koyilo imasanduka ngati chitsulo chotukulira mwala: mphamvu yochepa imene yakankha kumapeto kwake imafika pa makutu itachuluka kwambiri. Koyilo imene ili payokha mukhoza kuisanjikira zinthu osaonongeka, pakuti ndi yafulati. Choncho kwa ine funso si kutalika kwa ulendo, koma ngati chikwamacho chikhale m'manja mwanga kapena m'manja mwa ena. Chikachoka m'manja mwanga, koyilo ndimaichotsa ngakhale ulendo utakhala wa mphindi makumi awiri.

FuluWodekha

Pamenepo mwandigonjetsa theka, mayi. Ndikuvomera kuti chikwama chimene chikukasanjikizidwa ndi katundu wina chimafuna koyilo yochotsa. Koma a Wophunzira anena kuti chawo chimakhala kumsana kwawo pa njinga, ndiye palibe amene angachipsinje.

WayaWamoyo

Nonse mwathamangira khutu chifukwa ndi limene likuoneka ndi maso, koma vuto lachiwiri limene a Wophunzira atchula ndi limene lingawalepheretse kufufuza. Makina olira kumapeto kwa dzanja, pamene munthu akutembenuka, nthawi zambiri amakhala akunena za chingwe.

M'kati mwa chingwe chija muli timawaya ta kopa. Kopa ndi chitsulo, ndipo makinawa ntchito yawo ndi kumva chitsulo chimene chikuyenda pafupi ndi koyilo. Chingwe chikakhala cholendewera, pamene mukutembenuza dzanja chimapitirira kuyenda pang'ono koyilo itaima kale, ndipo makina amachimva ngati chinthu chimene chadutsa. N'chifukwa chake chimayenera kukulungidwa mogwira pa ndodo ndi kumangidwa ndi timalamba ta Velcro, kamodzi m'munsi, kena pafupi ndi kabokosi. Koma mawu akuti mogwira amasocheretsa anthu ambiri, n'kuyamba kukoka chingwe ngati akumanga mtolo. Pamene chingwe chikutulukira pa koyilo pamafunika kusiya kachigawo komasuka. Musanamange lamba wam'munsi, pendeketsani koyilo mpaka pamapeto kutsogolo, kenako mpaka pamapeto kumbuyo, muone ngati chingwe chikukokeka. Ngati chikukokeka, onjezerani pang'ono. Mukapanda kutero, tsiku limene mudzagoneke koyilo kuti ilowe m'chikwama mudzakhala mukuzula timawaya pa tsinde pake, ndipo timaduka kamodzikamodzi m'kati chikopa chakunja chikuoneka chabwinobwino.

Chinthu china chimene ndimaona kawirikawiri ndi anthu ozunguza ndodo kapena kabokosi pofuna kukulunga chingwe pulagi italowa kale. Kumeneko n'kupota chingwe ngati mukufinya chovala chochapa. Kulungani kaye chingwecho ndi dzanja, mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndipo pulagi ilowe pomaliza.

Pulagi nayo ili ndi malamulo ake. Imalowa njira imodzi yokha, chifukwa ili ndi kampata kamene kamayenera kukumana ndi kanunda ka pa soketi. Igwireni mopepuka, izunguzeni pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yakhala m'malo mwake, ndiyeno muikankhe. Ikakana musalimbane nayo, itulutseni muyang'ane. Mphete yakunja yokha ndi imene imazungulira pomanga, ndipo imamangidwa ndi zala. Pozula gwirani pulagi yeniyeniyo, osati chingwe, ndiponso makina akhale atazima. Mphete ija ikakhala yosamanga mokwanira imabweretsanso kulira kwabodza kofanana ndi kumene mukudandaulaku, choncho yambani mwaona pamenepo.

Wophunzira_Kumene

Zikomo kwambiri, a Waya. Ndikuzindikira kuti ndakhala ndikuchita ziwiri mwa zimene mwaletsazi, makamaka kuzunguza ndodo pulagi ili m'kati. Kodi pali njira yodziwira ngati timawaya taduka kale, popanda kung'amba chingwe?

WayaWamoyo

Ilipo, ndipo siifuna chida chilichonse. Tulukani panja kutali ndi nyumba, magalimoto ndi mawaya a magetsi. Vulani wotchi ndi mphete. Gonekani makina pa chinthu chamatabwa chopanda misomali pafupi, koyilo ili m'malere, n'kuwayatsa. Akakhala chete, yambani kugwedeza chingwe pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, kachigawo kamodzi nthawi imodzi, kuyambira pa pulagi kutsikira m'munsi. Ngati pali malo amodzi amene nthawi zonse mukawagwira makina akukuwa kapena kuonetsa chizindikiro chakuti koyilo yasowa, pamenepo ndiye pali bala. Dziwani kuti pafupi kwambiri ndi koyilo kulira pang'ono kukhoza kumveka ngakhale chingwe chili chabwino, pa chifukwa cha kopa chimene ndafotokoza chija, choncho pamenepo musapinde kwambiri, ingopsinjani tsinde lake mofatsa. Musanaweruze chingwe, vulaninso chivundikiro chapansi cha koyilo mukhutule dothi limene lasonkhana m'menemo, chifukwa dothi lokhala ndi michere ya chitsulo likamayendayenda m'katimo limaliritsanso makina.

MchengaWoyera

Ine ndikufuna ndichenjeze a Fulu ndi onse amene amakonda kungolowetsa ndodo ina m'kati mwa inzake. Njirayo ndi yabwino kwa ofufuza pamtunda pouma, koma kwa ife ofufuza m'mphepete mwa nyanja yamchere ili ndi msampha. Tsiku lina nditatopa ndinalowetsa ndodo yam'munsi m'kati mwa yapakati ili yonyowa ndi madzi amchere ndiponso yodzaza mchenga wosalala uja, n'kumanga loko, n'kuiwala makinawo milungu itatu. Tsiku limene ndinkafuna kuwagwiritsa ntchito, ndodo ziwirizo zinali zitagwirana ngati ndodo imodzi. Madzi anali atauma, mchere n'kusanduka timiyala, timiyalato n'kugwira mchenga pakati pa ndodozo. Ndinakoka mpaka manja anatuluka matuza.

Chimene chinathandiza ndi kuchotsa kabokosi ndi koyilo, n'kuviika ndodozo usiku wonse m'madzi ofunda opanda mchere. Kutacha ndinayamba kuzipotokola pang'onopang'ono ndi manja, uku ndi uku, madzi akulowa, mpaka zinalekana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikanatenga pulayala ndikanaphwanya ndodoyo, chifukwa ndodo za carbon fibre ndi zolimba pozipinda koma sizipirira kupanidwa. Pa ndodo yam'munsi panatsala mikwingwirima imene ilipo mpaka lero.

Kuchokera tsiku limenelo, ndikachoka kunyanja ndimafupikitsa makina pongofuna kufika kunyumba basi. Ndikafika ndimalekanitsa ndodo zonse, kumasula maloko, kutsuka ndi madzi abwino, n'kuziimika padera kuti ziume m'kati momwe. Kabokosi ndimangokapukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono, pakuti pa makina ambiri koyilo imalowa m'madzi koma kabokosi sikalowa, pokhapokha buku la makinawo litanena momveka kuti onse ndi olowa m'madzi. Choncho pa mkangano wa a Fulu ndi a Kadzidzi, ine ndili ku mbali yomasula, koma chifukwa changa ndi kutsuka, osati kunyamula.

Chitsulo_Chakale

Bwanji osangopaka girisi kapena oyilo pa ndodozo kuti zizitsetsereka bwino? Ine ndimatero pa zipangizo zanga zina zonse.

MchengaWoyera

Musayerekeze. Girisi amagwira mchenga, ndipo ziwirizo zikasakanikirana zimapala ndodo ngati sandipepala nthawi iliyonse imene mukuikoka. Kuwonjezera apo loko amagwira ndodo poifinya, ndiye mukaipaka mafuta loko amaterera, makina n'kumafupika okha muli pakati pofufuza. Ndodo imafuna kukhala youma ndi yoyera.

Chitsulo_Chakale

Za girisi ndamva. Koma pa nkhani ya bawuti ndili ndi umboni wotsutsana ndi mantha amene anthu amakhala nawo. Bawuti yanga ya pulasitiki inathyoka nditafika kale kokafufuza, ndipo ndinaikapo yachitsulo imene inali m'galimoto. Makina sanalire ngakhale pang'ono, ndipo tsiku limenelo ndinatola ndalama zachitsulo zingapo. Ilipobe mpaka pano, ndipo siidzathyokanso. Kodi zoti bawuti iyenera kukhala ya pulasitiki si nthano chabe?

WayaWamoyo

Kusalira kwa makina anuwo sikukutsimikizira zimene mukuganiza. Makina ambiri a masiku ano amalira pamene chitsulo chikuyenda poyerekeza ndi koyilo, ndipo bawuti yanu imayendera limodzi ndi koyiloyo, ndiye ilibe chifukwa cholirira. Koma m'kati mwa koyilo ya makina a mtundu wa VLF, umene ndi mtundu wofala wa makina ofufuzira, muli mikombero iwiri ya waya, wina wotumiza mphamvu ya maginito, wina wolandira, ndipo ku fakitale amaikhazika mosamala kwambiri kuti wolandirayo asamve chilichonse pamene palibe chitsulo. Chitsulo chokhazikika pamwamba pa koyilo chimasokoneza kulinganiza kumeneko. Makina amapitiriza kugwira ntchito, koma akhoza kutaya kuya kwina, ndipo zimene mwaziphonya simungazidziwe chifukwa simunazimve.

Nkhani imeneyi ndi yakale ngati makinawa. Mu 1881 Alexander Graham Bell anapanga chipangizo chogwira ntchito pa mfundo yomweyi pofuna kupeza chipolopolo m'thupi mwa Pulezidenti James Garfield wa ku America. Sanachipeze, ndipo chimodzi mwa zimene zinasokoneza chipangizocho ndi masipuling'i achitsulo a bedi limene wodwalayo anagonapo. Chitsulo chimene sichili m'maganizo mwanu makina amachiwerengerabe. N'chifukwa chake ndodo yam'munsi imapangidwa ndi pulasitiki, fibreglass kapena carbon fibre, ndipo ngakhale pa ndodo za carbon fibre, zimene zimadutsitsa magetsi pang'ono, opanga ambiri amaika mutu wa pulasitiki kumene imakumana ndi koyilo.

Kadzidzi

Ndiwonjezere kuti mawu anu akuti siidzathyokanso ndi amene ayenera kukuopsani, a Chitsulo. Koyilo ikagunda mwala kapena ikapsinjika, pali chinthu chimene chiyenera kugonja. Bawuti ya pulasitiki ikagonja mumangoikapo ina. Yachitsulo siigonja, ndiye amagonja ndi makutu. Ine ndimasunga bawuti ya pulasitiki yapadera ndi mawashala awiri m'kabotolo kakang'ono kotsekeka bwino, m'thumba la chikwama limene sinditsegula pa zifukwa zina.

Chitsulo_Chakale

Za kuya sindinakhutire mpaka nditayesa ndekha ndi ndalama imodzi, bawuti iyi kenako inayo. Koma mfundo ya makutu yandilowa, ndipo ndiichotsa.

Mbalame_Yaulendo

Popeza a Fulu atchula ndege, ndifotokoze mmene ndimachitira, chifukwa pamenepo ndi pamene kumasula zonse sikuthawika. Ndodo, pogoneka mkono ndi chokumbira ndimaziika mu sutikesi yopita kunsi kwa ndege, ndodozo zitagona mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ina, zitakulungidwa m'zovala. Chokumbira musayese n'komwe kulowa nacho m'ndege, pakuti chili ndi mano ndipo achitetezo adzakulandani. Koyilo ndimaiika pakati penipeni pa zovala, chingwe chake chitazungulizidwa momasuka mozungulira bwino, osati kupindidwa makona, ndipo pulagi ndimaiveka sokosi kuti timapini tisagundike. Kabokosi ndi mahedifoni ndimalowa nazo m'ndege.

Mabatire ndi amene ali ndi malamulo enieni. Mabatire a lithium apadera, amene sali m'kati mwa chipangizo, kuphatikizapo ma power bank, amaloledwa m'chikwama cholowa nacho m'ndege chokha, ndipo mitu yake iyenera kutetezedwa kuti isakhudzane ndi zitsulo. Malire odziwika ndi 100 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Kuyambira pamenepo kufika 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo apadera otere amaloledwa awiri okha. Kuti mudziwe ma Wh, chulukitsani ma volt (V) ndi ma Ah olembedwa pa batire: batire la 3.7 V ndi 5 Ah limapereka 18.5 Wh, kutanthauza kuti mabatire a makina wamba ofufuzira ali kutali ndi malirewo. Komabe werengani malamulo a kampani imene mukukwera, chifukwa ena amawonjezera zawo. Ngati makina anu amagwiritsa ntchito mabatire a AA, achotseni musanalongedze. Batani likhoza kudinika m'chikwama makina n'kuyaka okha, ndipo mabatire a alkaline akakhalitsa m'makina osagwira ntchito amatha kudontha n'kudya tizitsulo togwirira.

Pa makina oonera katundu kabokosi ndi koyilo zimaoneka zachilendo, ndiye musadabwe akakupemphani kuti mutsegule. Ine ndimaika buku la makinawo pamwamba, ndipo mafunso amatha msanga.

Gogo_wa_Mabatire

Ndikamawerenga madandaulo a kulemera kwa chikwama ndimamwetulira pang'ono. Chipangizo chofufuzira mabomba okwirira chimene msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga mu 1941, chimene chinagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein mu 1942, chinkalemera pafupifupi makilogalamu 14, ndipo gawo lalikulu la kulemerako linali kumsana kwa msilikali. Ambiri mwa makina athu a lero amalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Komabe sindikunena izi kuti ndinyoze funso la a Wophunzira. Kupepukako kwabwera chifukwa cha pulasitiki yoonda ndi ndodo zoonda, ndipo zimenezi ndi zomwe zikufuna manja ofatsa. Ndikumbutsenso chinthu chimodzi chimene palibe wachitchula: chikwama chabwino sichiteteza makina ku kutentha. Musawasiye m'galimoto yotseka padzuwa, chifukwa sikirini ndi batire la lithium sizigwirizana ndi kutentha kotero.

Dzanja_Lopepuka

Kunena zoona, theka la mavuto amene mwakambiranawa limatha ndi makina opanda chingwe. XP Deus, imene inatuluka ku France mu 2009, ili ndi batire ndi ubongo wake m'kati mwa koyilo, ndipo imalankhula ndi kabokosi komanso mahedifoni popanda waya. Kabokosiko mumangokazula n'kukaika m'thumba, ndodo n'kuifupikitsa m'kanthawi kochepa. Ngakhale makampani amene asunga chingwe akupita komweko pa nkhani ya ndodo: Minelab Equinox 700 ndi 900 zili ndi ndodo zolowetsana zimene zimafupika kufika masentimita 61, ndipo Nokta Simplex+ nayo ndodo yake imafupika osailekanitsa. Amene akuganiza zogula ndipo amayenda kwambiri, ayese kaye kutalika kwa chikwama chake, kenako afunse kutalika kwa makinawo atafupikitsidwa.

FuluWodekha

Mfundo yoyesa chikwama ndi yabwino, koma a Wophunzira sanafunse makina oti agule, afunsa za amene ali nawo. Ndiponso kupanda chingwe kuli ndi ntchito yakeyake: koyilo, kabokosi ndi mahedifoni chilichonse chimafuna kutchajidwa, ndipo mukaiwala chimodzi kapena mukaiwala kotchajira koyilo, ulendo wonse wapita pachabe. Makutu ndi bawuti nazo zimakhalapobe.

Wophunzira_Kumene

Ndabwerera kudzakuuzani zimene ndapeza nditatsata malangizo a a Waya. Nditavula chivundikiro chapansi munatuluka dothi lakuda lodzaza supuni ziwiri, limene sindinkadziwa kuti lilimo. Nditagwedeza chingwe kuyambira pa pulagi mpaka pansi, palibe malo amene makina anakuwa, kupatula pa pulagi penipeni, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti mphete ija inali isanafike pamapeto chifukwa cha mchenga umene unali m'timizere take. Ndinauchotsa ndi burashi youma, n'kumanga ndi zala. Ndagula mawashala atsopano awiri, ndakulunga chingwe mogwira n'kusiya kachigawo komasuka pansi, ndipo dzulo ndafufuza maola awiri popanda kulira kwabodza kuja.

Pa kanyamulidwe ndasankha pakati pa a Fulu ndi a Nyenyezi. Ndapeza kuti ndikalowetsa ndodo yam'munsi m'kati, n'kulekanitsa yam'mwamba yokha, makina amalowa m'chikwama changa chomwechi, kungotsala kansonga kotulukira pamwamba. Koyilo ndiziichotsa pokhapokha chikwama chikamachoka kumsana kwanga. Chatsala ndi mng'alu wa pa khutu uja. Kodi ndingaumate, kapena ndiyambe kuganiza za koyilo ina?

Kadzidzi

Choyamba onani ngati makinawo adakali pa chitsimikizo cha opanga (waranti), chifukwa pa miyezi isanu n'zotheka, ndipo mukamata nokha mukhoza kudzitsekera khomo limenelo. Auzeni zoona za pulayala ija, iwo ndi amene aweruze. Ngati akana, mng'alu woonda umamatika ndi epoxy, guluu uja wosakaniza ziwiri. Werengani pa paketi kuti isakhale ija yosakanizidwa ndi ufa wa chitsulo, pa chifukwa chomwe a Waya afotokoza pa nkhani ya bawuti. Tsukani khutulo, liume, lipaleni pang'ono ndi sandipepala kuti guluuyo agwire, ndipo pakani kunja kwa khutu ndi patsinde pake, osati m'kati mmene ndodo ndi mawashala zimalowa, kuopera kuti mpatawo ungachepe. Lisiyeni tsiku lathunthu musanalowetse bawuti.

Nyenyezi_Yammawa

Langa lothyokeratu lija linakana guluu, linagwira milungu iwiri n'kulekananso pomwe paja. Lanu likadali lolumikizana, ndiye mwayi ulipo. Musanamate, lembani kadontho ndi cholembera pamene mng'aluwo wathera, ndipo mukabwera kokafufuza muziona ngati wadutsa kadonthoko. Ngati wadutsa, funani kachipangizo ka pulasitiki kolimbitsira makutu kogwirizana ndi mtundu wa koyilo yanu, kamene kamavala kunja kwa makutu onse awiri. Kumbukirani kuti kena kamafuna bawuti yotalikirapo kuposa imene muli nayo.